Mabulugamu Ako, Gwanda

Chinsapo, Lilongwe
3 Novembala 2024

Wokondedwa mlongo wanga Gwanda,

Ndiyambe ndi kukufunsa za moyo. Uli bwanji ku Botswanako? Nanga mlamu wanga Pamela? Chifuwa chija unkadandaula nacho chifukwa cha fumbi chinatha? Ife kuno tikupuma, koma ndinganame nditati tili bwino. Amayi akuyenda motsimphina, mwana wanga Raisa wangokhala duu ngati si mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi, ndipo alamu ako a Jonah sali pakhomo.

Ukudabwa kuti ndalemberanji kalata ngati munthu wakale pomwe foni ilipo. Ndakuimbira katatu masabata awiri apitawa. Ukangoti halo, ine ndimayamba kukufunsa za kutentha kwa kumeneko, mpaka unandiseka kuti uphunzitsi wandilowa m'magazi. Zimene ndimafuna kunena ndimalephera kuzitchula. Ndiye khala pansi uwerenge mpaka kumapeto, usadumphe ndime monga unkachitira ndi mabuku a sukulu.

Nkhani ndi ya mabulugamu ako khumi ndi awiri, aja unadzala m'mbali mwa chitsime cha malemu Abambo usananyamuke, n'kumati adzakhala mitengo ya denga la nyumba yako. M'zaka zisanu ndi ziwirizi anakula moti ankaonekera uli kumsika. Amayi ankawatcha ana a Gwanda, ndipo ankasesa pansi pake m'mawa uliwonse.

Chaka chino mvula inatinamiza, unamva. Pofika Seputembala mipopi ya kuno inkangotulutsa mpweya, sabata yathunthu osadontha. Anthu onse a mzere wathu ndi a kuseri kwa tchalitchi anatembenukira kuchitsime chathu, paja Abambo sankabweza munthu wobwera ndi ndowa. Koma nachonso chinayamba kutsika. Tinalumikiza chingwe kawiri. Kumayambiriro kwa Okutobala chidebe chinkatuluka ndi matope okhaokha.

Ludzu ndi loipa, Gwanda. Azimayi amene timakhala nawo benchi limodzi kutchalitchi anayamba kukokana tsitsi pachitsimepo. Wina anathyoledwa chala polimbirana chingwe. Wina anaswedwa ndowa pamutu mpaka kukasokedwa. Kenaka mphekesera inabuka yoti akumwa madziwo ndi mabulugamu ako.

A Jonah anandiuza kuti tikuimbire, tidule mitengoyo mwaulemu zinthu zisanafike poipa. Ndinawakalipira. Ndinati iwo adziwe za matabwa awo a ukalipentala, za mitengo yamoyo andisiyire ine amene ndinaziphunzira.

Iwe ntchito yanga ukuidziwa. Zaka khumi ndi zinayi ndakhala ndikuuza ana a Fomu 3 kuti akatswiri pogawa mitundu ya nyengo za dziko lapansi anayang'ana zomera ndi madzi. Kumene mvula imagwa chaka chonse, monga ku Congo, mitengo imakhala yaitali, yothithikana, yobiriwira osalekeza. Kumene madzi ndi osowa, ngati kumene uli iweko, kumamera zitsamba zaminga za timasamba ting'onoting'ono, ndipo zithunzi unanditumizira zija ndimazionetsa m'kalasi. Ife tili pakati, miyezi ina mvula, miyezi ina ng'amba. N'chifukwa chake kwathu kuno n'kwa udzu ndi mitengo yotalikirana, imene imayoyola masamba m'chilimwe kuti isunge madzi. Ana onse ndimawaloweza kuti ukafuna kudziwa madzi a dera, uziyang'ana masamba.

Loweruka pa 19 Okutobala, dzuwa litangoyamba kuswa mtengo, anthu anafika. Analipo oposa makumi atatu, amuna atanyamula nkhwangwa ndi zikwanje, akazi akuimba ndowa zopanda kanthu ngati ng'oma. Patsogolo panali Leston, woumba njerwa uja wa kuseri kwa chigayo. Ameneyu ndinamuphunzitsa ndekha kalelo, pano ndi bambo wa ana awiri.

Ndinene zoona, sanabwere mwachipongwe. Anavula chipewa, anapereka moni kwa Amayi, n'kunena kuti ana ake atha masiku atatu akumwa madzi a m'khwawa ndipo wamng'ono akutsegula m'mimba. Anati tiwalole adule okha, mitengoyo aisadza bwinobwino n'kuiunjika kuseri kwa nyumba kuti mwini wake adzaipeze.

Munthu wanzeru akanawapempha kuti akhale pansi tikambirane. Ine ndi mutu wanga woumawu ndinalowa m'nyumba, n'kutulutsa mapu aakulu a kusukulu amene ndinabwera nawo kudzamata. Ndinawakoleka pachingwe choyanikira zovala, ndinatola kandodo, n'kuyamba kuphunzitsa anthu aludzu. Ndinawaonetsa pamene pali Malawi. Ndinati dera lathu ndi la miyezi isanu ndi umodzi ya ng'amba, chitsime kuuma mu Okutobala n'chilengedwe, mitengo ilibe mlandu.

Leston anandisiya ndimalize. Kenaka anati Madamu, phunziro limeneli ndikulikumbukira bwino, munatiuza kuti tiziyang'ana masamba. Analoza mtengo wa mthethe wa kumsewu, uli mbee, wopanda ndi tsamba limodzi lomwe. Analoza mabulugamu ako, ali biriwiri ngati ali ku Congo. Anafunsa kuti ngati mitengo ya kwathu imayoyola masamba posunga madzi, iyi ikubiriwira ndi madzi a ndani?

Anthu anaseka, azimayi analuluta. Gwanda, mwanayo ananena zoona, ndipo ine ndinkadziwa. Bulugamu si mtengo wa kuno, sadziwa kupuma m'chilimwe, amangomwa. Ndimaphunzitsa zimenezo chaka ndi chaka. Koma manyazi anandigwira, ndipo manyaziwo anasanduka ukali. Ndinamuuza pamaso pa mkazi wake ndi anthu onse kuti munthu wolephera Fomu 4 sangandiphunzitse ine, abwerere kumatope ake.

Nkhope yake inasintha. Anavala chipewa chija, n'kuuza anzake kuti basi, zokambirana zatha, ayambepo.

Zimene zinachitika pambuyo pake sindinazionepo chibadwire. Mapu aja anawakhadzula pakati ndi chikwanje. Mpanda wathu anaugwetsa ndi mapazi. Nkhwangwa zinayamba kulira mbali zonse nthawi imodzi, popanda woona kumene mtengo ugwere. Woyamba unaphwanya denga la bafa, wachitatu unapha mbuzi ya oyandikana nafe. Ine ndinkatukwana, ndinagenda mwamuna wina ndi njerwa, iye anandibwezera khofi lomwe linanditseka khutu. A Jonah anatsekera Amayi ndi Raisa m'nyumba, n'kumayesa kundikokera ine kutali.

Tinaiwala chitseko chakuseri. Atafika pa mtengo wachisanu ndi chitatu, ndinangoona Amayi aukumbatira, akulira kuti awadulire limodzi ndi mwana wa Gwanda. Ndinaona Leston akuwakoka mwamphamvu. Ndinaona Amayi akugwa chafufumimba pachitsa, magazi akutuluka pachipumi. Nthawi yomweyo mtengo unalira n'kugwa, anthu anabalalika, fumbi ndi masamba zinadzaza ponseponse.

Apa ndi pamene ndakhala ndikulephera kukuuza pafoni. Pakhoma la khitchini panali mpini wa khasu. Ndinautola. Leston anali atawerama pa Amayi, atandifulatira. Ndinamumenya nawo pankhongo ndi manja awiri, ndi mphamvu zanga zonse. Unalira ngati ukuswa dzungu louma. Anagwa osakuwa n'komwe, miyendo yokha ikuphiriphitha.

Amene anaona ndi a Jonah okha. Anandilanda mpiniwo, n'kundikankhira m'masamba a mtengo wogwawo. Fumbi litatsika, anthu anapeza Leston ali gone m'magazi, a Jonah ataima pambali pake mpini uli m'manja.

Anthuwo anawagwera a Jonah ngati agalu. Anawamenya ndi njerwa, ndi misana ya zikwanje, ndi ndowa zomwe zija. Anawakhwekhwereza mpaka kumsewu atawagwira miyendo, mutu ukugunda pamiyala. Wina anagubuduza tayala, wina anathamanga kukapopa petulo panjinga yamoto. Chikhala kuti galimoto ya apolisi sinafike, wina atawaimbira, bwenzi kalatayi ili ya maliro. Apolisiwo anawakweza m'galimoto mano atatu atachoka, mkono utathyoka, diso limodzi litatsekeka.

Ndikanakonda ndikanakuuza kuti ndinakuwa kuti ndine, asiyeni. Sindinakuwe. Ndinaima pamenepo masamba ali m'tsitsi, ndikuonerera mwamuna wanga akuphedwa chifukwa cha dzanja langa, pakamwa panga pali chitsekere. Ndinkaopa, Gwanda. Ine amene ndimadziwika ndi pakamwa Chinsapo yense, ndinkaopa tayala lija.

A Jonah anauza apolisi kuti anamenya ndi iwo. Atawamanga mkono kuchipatala anawapititsa kundende, kumene akudikira mlandu. Nditapita kukawaona analankhula movutika chifukwa cha kutupa, koma anandiuza kuti nditseke pakamwa. Anati mphunzitsi akamangidwa ntchito yathera pomwepo, pamene kalipentala akatuluka amangotola sowo yake. Anati Raisa akufunika mayi ake. Ndinavomera, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikudziuza kuti ndikuchitira mwana.

Leston ali moyo, koma sakulankhula, ndipo mkono wake wamanja sukugwira. Madokotala akuti tidikire. Munthu woumba njerwa wopanda mkono, tangoganiza.

Lachitatu lapitali ndikuwatsuka bala, Amayi anandifunsa kuti kodi a Jonah chinawalowa n'chiyani. Anati mwana uja Leston sankawamenya ayi. Anawakoka chifukwa mtengo unali utayamba kupendekera kwa iwo, ndipo atagwa anawerama kuti awanyamule, akunena kuti agogo dzukani, muphedwa. Amayi anati sakudziwa ngati adzathe kumukhululukira mkamwini wotere. Ndinamaliza kumanga balalo, n'kutuluka panja.

Tsiku lotsatira ndinapita kuchipatala, sindikudziwa kuti ndinkafuna chiyani. Ndinapeza mkazi wa Leston, dzina lake Sheila, akumumwetsa phala ndi supuni. Ndinkayembekeza kuti andilavulira. M'malo mwake anandipatsa mpando, anandigwira dzanja, n'kunena kuti Madamu musadzimvere chisoni, inu mulibe mlandu, nkhanza za amuna sitisankha ndife akazi. Anati mwamuna wake ankanditchula kawirikawiri, ankati pa aphunzitsi onse amene anamuphunzitsa, amene phunziro lawo linamukhala m'mutu ndi ine. Leston ankangondiyang'ana. Sindikudziwa ngati akudziwa.

Dzanja limene Sheila anagwiralo ndi lomwe lija linanyamula mpini.

Ndiye ndaganiza, ndipo usayese kundibweza. Mawa Lolemba sindipita kusukulu. Ndiyamba ndadzera kwa Sheila kuti amve kuchokera pakamwa panga, kenaka ndipita kupolisi kukanena zonse. A Jonah akwiya, ndikudziwa, koma kuli bwino andikwiyire ali panja. Mwina apolisi atisunga tonse awiri kwa kanthawi, poti iwonso ananama. Apa ndi pamene ndikukufunira iwe.

Bwera kumudzi, mlongo wanga. Sindinakupemphepo kanthu chichokereni, lero ndikukugwadira. Pempha tchuthi, akakana usiye ntchitoyo. Amayi sangathe kusenza chigubu kuchokera kumjigo wa kutali ndi chiuno chimenechi, ndipo anthu a mzere wathu sakutilankhula. Raisa ndamusiya m'manja mwa a Vaileti, achemwali awo a Jonah a ku Biwi, koma iwo ali ndi ana asanu m'zipinda ziwiri. Mwanayo anaona bambo ake akukhwekhwerezedwa, anasuzumira pazenera. Akufunika malume ake.

Mitengo inayi yotsalayo ndauza anthu kuti adzadule Loweruka likubwerali. Ndakulanda chinthu chako osakufunsa, undikhululukire. Chitsime sichinabwerere, ndipo mwina sichibwerera mpaka mvula itagwa, koma sindikufuna kuti wina adzakhetsenso magazi pamenepo. Usadziimbe mlandu kuti unadzala ndiwe. Iwe unadzala mitengo, wonyamula mpini ndinali ine.

Ukafika, Amayi udzawauze ndiwe, pang'onopang'ono, atakhala pansi. Ine ndayesa, ndalephera. Ndawauza kuti mawa ndikupita kumsonkhano wa aphunzitsi wa masiku angapo, ndipo andikazingira mtedza woti ndikadye panjira.

Undiperekere moni kwa Pamela, umuuze kuti ndikupepesa pomulanda mwamuna mwadzidzidzi chonchi. Moni kwa anzako onse a kwathu amene muli nawo kumeneko. Kalatayi ndapatsira a Masiye, oyendetsa thiraki aja timapemphera nawo, akuti adutsa kwanuko Lachinayi. Usavutike n'kundiimbira, foni ndaisiya m'kabati.

Mulungu akusunge, akuyendetse bwino pamsewu wautaliwo. Uzipempherera Leston kuti alankhulenso, ngakhale mawu ake oyamba atadzakhala dzina langa.

Ndine mlongo wako,
Tiyese