Njinga Isafike Msanga

Lolemba, 9 Ogasiti

Abwana, akazi angawa, agonekedwa. Chifuwa chavuta ponseponsechi. Dzana ankandikalipira za ndowa yodontha, lero mpweya wakana kulowa wokha. Adokotala aika paipi kukhosi. Makina opumira chipatala chonse alipo awiri, onse ali ndi eni ake. Ife atipatsa chibaluni cha labala, mbali ino chalumikizidwa ku paipi, mbali inayo ku silinda ya mpweya. Ukafinya, chifuwa cha Abwana chikwera. Ukasiya, chitsika. Ukaiwala... ayi, zimenezo sindilemba.

Anesi akuti, "Manja athu ndi ochepa, agogo. Achibale muzisinthana mpaka makina apezeke." Ndayesa. Nyamakazi. Zala gwa, ngati nkhuni. Ntchito yagwera Mzime wanga ndi mwamuna wake. Ine wanga ndi mpando wapulasitiki wothyoka mwendo, ndi kabuku aka. Malemba ndinawadziwa imvi zili mbuu, ndiye amayenda ngati nkhanu. Awerenga ndani?

Lachiwiri, 10 Ogasiti

Mkamwini ndi dalaivala wa minibasi. Munthu wabwino, koma kufinya kwake! Ngati akuimba hutala pa siteji. Anesi: "Mukupopa tayala kodi, bambo?" Mzime amawerenga chamumtima, kenako misozi, mawerengero asokonekera.

Ndiye ndinati taimani. Moyo wanga wonse ndasimba nkhani, pa maukwati, m'mabasi, pamzere wa kuchigayo, malipiro ake kapu ya tiyi. Nkhani ili ndi kapumidwe kake, makutu angawa amakadziwa. Tapangana chonchi: ine ndinena chiganizo chimodzi, iwo ayankha "Eya," apo ndi pofinya. Anesi anaima ndi wotchi kumvetsera, nati, "Apo ndiye mwakhoza. Musathamange, musaime." Musaime! Chibadwire palibe anandiuzapo mawu okoma chonchi.

Abwana amakonda kunena kuti pakamwa panga sipadzagula ngakhale mchere. Akanadzuka aone.

Nkhani ndasankha ya tsiku lija ndinapalasa njinga kukawafunsira. Ndalumbira: sinditsika njingayi mpaka makina abwere.

Lachitatu, 11 Ogasiti

Magolovesi atha. Anesi akuchapa akale nkuyanika pazenera, akungogwedera ngati manja otsazika alendo. Masiki yanga ndaisokanso chingwe. Muvi wa pa silinda ukutsika. Lole ya mpweya akuti ili m'njira. M'njira muja ilimo chiyambire Lolemba, kaya nayonso ikukafunsira.

Vuto ndi lakuti kwa Abwana kunali pafupi, munthu ukanatha kuitana pakamwa. Ndiye ndaikapo mtsinje. Ndaikapo phiri. Agalu olusa. Mvula. Mlaliki wina wofuna ndimukweze, wolemera ngati thumba la simenti. Mzime akuti, "Bambo, kumene kuja kulibe phiri." Ndati linaliko, linakokoloka. Finya, mwanawe.

Pabedi loyang'anana nafe pali atelala, nawonso a chibaluni. Ana awo asendeza mipando, akufinyira pa nkhani yanga yomweyi. "Eya" wake tsopano ngati kwaya. Ndikatopa anesi amalandira ndi wotchi yawo, ine nkutsamira khoma pang'ono.

Chodabwitsa. Abwana awagonetsa ndi mankhwala, koma nditati "njinga yanga yatsopano, yonyezimira," chala chawo chinandikanda padzanja. Anesi akuti ndi minyewa chabe. Minyewa imeneyo ndakhala nayo m'nyumba imodzi, ndikuidziwa.

Lachinayi, 12 Ogasiti

Bedi la atelala layalulidwa. Ana awo apinda bulangete, andigwira dzanja, apita. Wamng'ono anati, "Mukafika, agogo, mutiuze." "Eya" wachepa.

Ndadzipeza ndikuyang'anitsitsa chitseko cha chipinda cha makina. Makina amamasuka njira ziwiri: mwini wake achire, kapena inayo. Ndapempha Mulungu njira yoyamba. Koma ndapemphanso kuti afulumire. Asankhe yekha pamenepo.

Eni nyumba aimba foni za lendi. Adikire. Nawonso amapuma.

Loweruka, 14 Ogasiti

Dzulo sindinalembe. Silinda inatheratu. Muvi gone pansi. Anesi anathamanga mawodi onse, kulibe. Anati tizifinyabe, mpweya wamba womwewu, ulipo ulipo. Milomo ya Abwana ngati phulusa. Mkamwini manja kuyamba kuthamanga, hutala ija yabwerera. Ndiye ndinakweza mawu, kukuwa kwenikweni, kuti amve ine asamve mantha. Ndinawoloka mtsinje womwewo kangapo, palibe anadandaula. Lole itafika madzulo, anyamata akugubuduza masilinda m'khonde, ine pakhosi zii. Kutsegula pakamwa, kutuluka chule.

Ndinkati basi, njinga yagwa. Mkamwini anandigwira paphewa: "Bambo, pumulani, ndiyendetsako ine." Anapereka chibaluni kwa mkazi wake, nakhala pampando wanga wothyoka uja. Anthuni! Waikamo apolisi a pamsewu. Pakanjira ka njinga, nthawi imeneyo! Akuti anandiimitsa, anafuna laisensi, belu, mabuleki, ndipo aliyense amayenera kukaitana mkulu wake. Chiganizo chimodzi, "Eya." China, "Eya." Pang'onopang'ono, ngati munthu wosalipidwa pa ulendo. Munthu amene chikhalire sanadikirepo loboti. Mpaka pano adakandisunga pa apolisi pomwepo.

Mabodza ake ndi osakhwima, koma ali ndi tsogolo. Mzime wamubweretsera tiyi, kumupatsa ndi manja awiri. Ine madzi otentha a ndimu.

Milomo ya Abwana yabwerera.

Lolemba, 16 Ogasiti

Makina! Njira yoyamba. Anali pa mayi wina wongobereka kumene, lero akupuma yekha, akufunsa mwana wake. Ndinafuna kuvina m'khonde, bondo linakana.

Awalowetsa Abwana. Ndasuzumira pagalasi. Chinthu chake ngati kabati, pfuu, pfuu, osasimba kanthu, osadikira "Eya." Sichitopa, sichisasa mawu, sichipempha tiyi. Kunena zoona kansanje kalipo. Chibaluni chathu anesi achitsuka, apatsa banja lina.

M'nkhani muja apolisi anali atandimasula, ndinali nditafika pampanda wa kwawo kwa Abwana. Phazi limodzi pansi. Pomwepo ndi pomwe anabwera kudzawatenga.

Mkamwini wagona pabenchi, dzanja likungofinya lokha. Buledi amene anali naye wasanduka phala.

Lachinayi, 19 Ogasiti

Paipi yachotsedwa m'mawa. Akupuma okha, movutikira, koma okha. Anesi andilola kanthawi kochepa, ati, "Osawalankhulitsa, komanso inuyo osalankhula." Achiwiriwo ndi malamulo a anthu osandidziwa.

Aonda. Maso omwe aja. Anandikodola ndi chala chokanda chija. Ndinawerama, kudikira mawu okoma a munthu wobwerera kutali. Kunong'ona kwake ngati pepala: "Njinga ija inali yobwereka. Ndipo simunapalase, munkakankha."

Bodza. Mankhwala awa amasokoneza anthu mitu.

Anapuma kaye, ine ndikuwerenga chifuwa chawo ndi maso, chizolowezi. Kenako anati, "Mwaima pampanda kuyambira Lolemba. Lowanitu."

Mawu adakali a chule, koma ndalowa. Ndatsamiritsa njinga pamtengo, yanga, ndikubwereza, yanga. Ndakonza kolala. Ndagogoda. Chitseko chatseguka, ndanena chiganizo chimodzi nkudikira mwachizolowezi, ndipo pabedi paja, chapansipansi, pamveka "Eya."