Vinyo wa M'kamwa mwa Phiri

Chã das Caldeiras, Fogo

Okondedwa achimwene anga a Teodoro,

Landirani moni wochokera kwanu kuno. Muli bwanji ku Brockton, inu ndi alamu anga a Celeste ndi ana? Bondo lija linasiya kukuvutani? Ife Mulungu akutisunga. Amayi akudya, akuyenda, shuga wawo sakukwera kwenikweni. Mgolo wa zovala unafika, ndipo jekete ija sakuivula.

Mphesa zabereka zodabwitsa chaka chino. Mpesa wa atate, uja unapulumuka moto phiri litaphulika ulendo wapitawo, nthambi zake zachita kugona pa phulusa chifukwa cholemedwa.

Koma sindikulembera za zokolola. Pa foni sindingamasuke, poti netiweki timaipeza pakhonde pa mng'ono wanu Ildo, ndipo nkhani yake ndi ya iyeyo.

Mukudziwa kuti alimi a mphesa anamusankha kukhala wapampando wa bungwe lathu. Ndisamunamizire, mwanayu wagwira ntchito. Wakhala akukwera sitima kupita ku Praia atasenza mabotolo, kukadikira aphungu m'makonde mwa nyumba ya malamulo ngati wopempha. Akufuna lamulo loti dzina la vinyo wathu likhale lathu lokha, chifukwa amalonda ena akuthira vinyo wakunja m'mabotolo n'kumatapo chithunzi cha phiri lathu. Akufunanso msewu wa phula ndi magetsi.

Aphungu ena anamuyankha kuti boma silingamangire msewu anthu okhala m'kamwa mwa moto, bola kutisamutsira kumunsi. Ildo anawauza kuti mpesa sumera pa simenti. Anawanyengerera, a chipani ichi ndi a chipani icho, mpaka anavomera kubwera kudzalawa vinyo ndi kudziwonera okha kuti phiri lili m'tulo.

Achimwene, phiri silili m'tulo.

Zinayamba ndi mbuzi. Zikukana kukwera mbali ya kuphiri, ngakhale uzikwapule. Kenako thanki yathu ya madzi amvula inang'ambika khoma, madzi onse n'kuthera pansi. Tsiku lina ndikuthyola mphesa ndinavula nsapato kuti ndikutumule timiyala, phazi langa n'kumva dothi likufunda, pamthunzi, m'mamawa. Fungo lija la dzira lovunda mukulikumbuka? Labweranso.

Kuli mtsikana wina wa ku Praia, dzina lake Jandira, amene amayang'anira makina omvetsera kunjenjemera kwa phiri. Anabwera kwa Ildo ine ndili pomwepo ndikutsuka mabotolo. Anati phiri likugunda pafupipafupi kuposa kale. Sangalose tsiku, mwina likhalanso chete, koma anthu ayenera kudziwa, makamaka okalamba ndi odwala.

Ildo anamuthirira vinyo, akumutchula mlongo wanga, n'kumupempha kuti asunge pakamwa mpaka alendo abwere ndi kupita. Mtsikanayo sanamwe. Anati iye sanalembedwe ntchito ndi mphesa, ndipo wawuza kale akuluakulu ake.

Sabata isanathe, makina ake amodzi anapezeka ataphwanyidwa ndi mwala. Akuti ndi abulu. Ndinamufunsa Ildo kuti abulu a masiku ano amanyamula miyala? Anati ndisiye mafunso a polisi, ndikaphike. Sindikunena kuti ndi iye. Koma sanafunse kuti ndani, ndipo zimenezo zinandiopsa kuposa mwalawo.

Tsiku la alendo linafika. Tinaphika kachupa, chimanga chathu chija chosakaniza ndi nyemba ndi nyama, miphika ikuluikulu, tinadula tchizi cha mbuzi, tinayala nsalu zoyera panja pa nyumba ya migolo ya vinyo. Anabwera aphungu, atolankhani, ndi a wailesi ya kanema. Wamkulu wawo anali a Veríssimo, bambo wa mimba yake, amene mawu awo ndiwo amakoka anzawo m'nyumba ya malamulo.

Ildo analankhula bwino, mukanamunyadira. Anati makolo athu anabzala mpesa pamene ena amaona phulusa lokhalokha. Anati botolo lililonse ndi mwana mmodzi amene sadzathawira ku Amereka. Apo ndinakumbukira inu, misozi n'kulengeza.

A Veríssimo atangoimirira kuti ayankhe, matambula patebulo anayamba kugundana okha. Ngwe-ngwe-ngwe, pang'onopang'ono. Vinyo akugwedezeka m'botolo popanda woligwira. Ife tonse a kuno tinamva m'mapazi. Palibe anayang'ana phiri. Khamu lonse lija, aliyense maso pa mbale yake.

Ildo anakodola oimba ng'oma, iwo n'kuzitibula mwamphamvu ngati pa chikondwerero cha oyera mtima. A Veríssimo anaseka, akuti vinyo uyu ndi mwamuna, tambula imodzi yokha dziko layamba kale kuvina! Anthu anaseka nawo. Inenso ndinaseka, achimwene.

Analonjeza pamaso pa onse kuti lamulo lathu alibweretsa mwezi wamawa, ndipo adzaimirira yekha kuuza anzake kuti ku Chã wafikako, wadya, wamwa, kulibe choopsa.

Ndiye pano tamangidwa ndi lonjezo limenelo. Bungwe linagwirizana kuti mpaka aphungu avote, pasapezeke wosamuka. Akuti matiresi amodzi akangooneka pamwamba pa galimoto, ofuna kutisamutsa aja ajambula, ndipo m'malo mwa msewu tilandira malole odzatichotsa. Akuluakulu a Jandira anatumiza uthenga woti tikhale tcheru. Anauwerenga kumsonkhano mothamanga ngati mmene amawerengera zolengeza za kutchalitchi anthu atayamba kale kutuluka.

Ine ndinapita kwa Ildo kukamuuza kuti ndikufuna kutsikira kutauni ku São Filipe ndi Amayi, akakhale kwa azakhali. Anatseka chitseko kuti mkazi wake asamve. Anati Zília, wapenga? Mayi wa wapampando akachoka, mawa m'mudzi muno mutsala agalu okha. Anati ndikufuna kutaya thukuta la mudzi wonse chifukwa cha mbuzi zamantha.

Ndinamukumbutsa kuti moto wapitawo tinathawa ndi miyendo, chiphalaphala chikudya tchalitchi kumbuyo kwathu, ndipo nthawi imeneyo Amayi ankatha kuthamanga. Pano kuchoka pabedi kufika pakhomo amapumira panjira. Anangoti chiphalaphala chimayenda pang'onopang'ono. Ndinati msewu wotulukira ndi umodzi, chikayamba kudya umenewo? Anangotsegula chitseko kuti ndituluke.

Amayi nawo mukuwadziwa. Akuti iwo sangachititse manyazi mwana wawo pamaso pa anthu. Akuti phirili ndi mnansi wokalamba, amatsokomola basi. Koma kolona sikuchoka m'manja mwawo, ndipo ndawapeza atakulunga chithunzi cha atate m'nsalu.

Tsono pempho langa ndi ili. Inu ndinu mkulu, ndipo mawu anu okha ndi amene Amayi satsutsa. Aimbireni. Auzeni kuti mwawakonzera zokaonana ndi dokotala wa maso ku São Filipe, ndipo mukufuna akhale komweko mpaka atawapima bwinobwino. Si bodza lenileni, maso awo achitadi nkhungu. Munthu wopita kuchipatala palibe amamujambula. Ildo sadzachita manyazi, Amayi sadzaona ngati athawa, ndipo ine ndidzawaperekeza ndi kachikwama kamodzi.

Musamukalipire Ildo. Mukatero aumitsa khosi, mukumudziwa kuyambira ali mwana. Ndipo musaganize kuti ndikufuna ntchito yake igwe. Lamulolo ndikulifuna ngati mmene iye akulifunira. Ndikufuna ana athu adzagulitse vinyo wa dzina lawo. Kungoti sindikufuna kuti Amayi akhale chikole chake.

Chitani msanga, chonde. Dzulo ndinadutsa pakhomo pa Ildo. Kuyambira pomwe anagula galimoto ija, amaiimika italoza kunyumba ya migolo. Pano yatembenuzidwa, yaloza kumsewu wotulukira, makiyi ali momwemo. Anaona kuti ndaona. Tinayang'anana, iye n'kundifunsa ngati mphesa za kumtunda ndamaliza kuthyola.

Mundiperekere moni kwa alamu anga ndi kwa ana, muwapsompsone m'malo mwa agogo awo. Mupatsenso moni onse a kwathu amene mumakumana nawo ku Misa, koma za m'kalatamu musawauze, zingafike ku Praia ife tisanatsike.

Mulungu akusungeni m'dziko lozizira limenelo, ndipo mutipempherere ife a m'dziko lofunda.

Ndine mlongo wanu,

Zília