Anabwera Kumanda ndi Manja Oyera

Kwa Mponda,
Mangochi.

Okondedwa achimwene a Mustapha,

Assalam alaikum. Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino ku Joniko pamodzi ndi alamu ndi ana. Nanga msana uja unasiya kuvuta? Kuno tadzuka, Alhamdulillah. Amayi akuyendako ndi ndodo yawo, Nadia ndi mng'ono wake akupita kusukulu. Koma ndikati tili bwino ndiye kuti ndakunamizani.

Musadabwe kuti ndalemba papepala ngati kale pomwe foni ndili nayo. Foni yanga masiku ano imakhalira m'manja mwa alamu anu, bambo a Nadia. Akuti akuona za mpira. Mpira wake uti wopezeka m'mauthenga anga? Ndiye kalatayi ndipatsira dalaivala uja amatibweretsera katundu wanu, akunyamuka mawa.

Zoti mng'ono wanu Swadick ali m'chitokosi munamva, koma munangomva pamwamba. Lekani ndikuuzeni mmene zinayendera.

Tsiku limene tinkaika mwalimu wathu wa madrasa, Swadick anali pantchito. Ankachokera ku Chowe pa galimoto ya polisi ndi mnzake, a Davide. Pofika pamzikiti wathu anapeza anthu atangomaliza kuswalira maliro, jeneza yonyamulira mtembo ikutuluka. Inu mukudziwa, mwamuna wakwathu sangaone jeneza ikudutsa iye n'kukhala phee pampando. Anaimitsa galimoto pansi pa mtengo wa mango uja, akuti angoikako phewa pang'ono. Mfuti kumanda sapita nayo, ndiye anaikankhira kuseri kwa mpando pamodzi ndi kachikwama ka zipolopolo ndi unyolo, n'kuuza a Davide kuti ayang'anire.

Pang'ono pakepo mpaka anakafika kumanda. Munthu amene anam'phunzitsa kuswali akanam'siya bwanji panjira? A Davide atatopa n'kudikira anatseka zitseko n'kuwoloka msewu kukagula mayunitsi. Koma chitseko cha kwa dalaivala sichikhoma, amangochimanga ndi waya. Pobwerera onse awiri anapeza waya ali pansi, kuseri kwa mpando kulibe kanthu.

Akuluakulu a polisi anangowaimitsa ntchito a Davide. Swadick ndiye anam'tsekera, poti mfuti inali m'manja mwake, ndipo mabwana ake akuti anaigulitsa, za malirozo n'zongophimbira. Atiuza mosabisa kuti ikapanda kupezeka nkhani ikupita kukhoti, ntchito itha, iye akalowa ndende zaka. Mkazi wake mukudziwa kuti ndi woyembekezera. Ndinapita kukamuona ndi chakudya, achimwene, mwana uja watha. Sanadandaule chilichonse, anangondifunsa ngati amayi akudya.

Apolisi anafufuza mudzi wonse. Anatembenuza matiresi, anakhuthula matumba a usipa, mpaka maukonde a m'mabwato anawatambasula. Sanapeze ngakhale chipolopolo chimodzi. Chichokereni tsiku limenelo kuno anthu akuyang'anana ndi diso la m'mbali. Ukapita kumjigo, nkhani imaduka iwe ukangotula ndowa.

Tsopano ndifike pa chimene chandisowetsa tulo. Sindinauzepo munthu, ngakhale amayi.

Ife azimayi kumanda sitipita, ndiye tsiku lija tinatsala pasiwa. Amuna pobwerera, ine ndi amene ndinagwira jagi kumawathirira madzi osamba m'manja. Kutacha kunali kutagwa mvula, ndipo dothi la kumanda kwathu mukulidziwa kufiira kwake. Aliyense anali ataponya dothi m'manda ndi dzanja lake monga timachitira, ndiye madzi ankagwa ofiira okhaokha, kuyambira a Shehe mpaka Swadick ndi yunifomu yake.

Atatambasula manja bambo a Nadia, madzi anagwa oyera mbee. M'zikhadabo mopanda kanthu, nsapato zopanda matope, mkanjo uli ngati wa tsiku la Idi. Ndinawayang'ana kumaso, iwo n'kuyang'ana kumbali.

Ndinadziuza kuti iwe Shamima usapenge, mwina munthu wasamba kale panjira. Koma madzulo ake ndinawafunsa mocheza kuti kodi analowa m'manda kukalandira mtembo ndani. Anayankha msanga kuti mwana wamkulu wa malemuwo. Achimwene, mwana ameneyo anafika m'mawa mwake kuchokera ku Lilongwe, maliro ataikidwa kale. Ine ndemwe ndinam'landira chikwama.

Pamenepo m'pamene ndinakumbukira za waya. Mwezi wathawu Swadick anadya kwathu, n'kumatiseketsa kuti galimoto yawo yogwirira akuba chitseko chake amamanga ndi waya ngati khola la nkhuku. Tonse tinaseka. Alamu anu ataseka anafunsa kuti chitseko chake cha mbali iti. Nthawi imeneyo ndinangoti n'kucheza.

Palinso munthu wina wayamba kumabwera ndi njinga yamoto yopanda nambala. Sapereka salamu, salowa m'nyumba, chipewa savula. Amaima kumpanda, alamu anu n'kutuluka, n'kumanong'onezana ngati akuopa nkhuku kuti zimva. Ndikafunsa akuti ndi wogula nsomba. Ine ndakulira pa nsomba, wogula nsomba wosafunsa n'komwe kuti zauma kapena ayi sindinamuonepo.

Koma chimene chandimaliza ndi nkhani ya Che Bilal, agogo aja a pafupi ndi chigayo. Adwala kwambiri, sakudzukanso. Inu mukuwadziwa alamu anu pa nkhani ya odwala. Amayi athu atagonekedwa kuchipatala chaka chatha anapitako kamodzi, n'kuima pakhomo ngati wabwera kudzafunsa njira. Lero munthu yemweyo m'mawa ali kwa Che Bilal, masana ali kwa Che Bilal. Wawagulira chambo, wawapezera njinga yopita nawo kuchipatala, akuwachitira dua mpaka thukuta. Mudzi wonse ukuti Yunus ndi munthu wa mtima wabwino. Ine ndinawamva ndi makutu angawa akufunsa mpongozi wa pakhomopo ngati agogowo angafike mwezi wamawa, ndipo mawu awo sanali a munthu wachisoni, anali a munthu wamantha.

Ndinadzifunsa kuti kodi imfa ya Che Bilal ikuwaopsa chiyani. Yankho ndinalipeza pa kiyi.

Mukukumbukira kachipinda ka kuseri kwa mzikiti, mmene timasungamo jeneza, makasu okumbira manda ndi mikeka yakale? Kiyi wake chiyambire amakhala pamsomali m'mzikiti. Tsiku la maliro lija kanali kotsegula poti jeneza inali kunja, ndipo kuchoka pa mango paja kufika pakhomo pake ndi pafupi ngati kuchoka kukhitchini kwathu kufika kubafa. Jeneza itabwerera, amene anadzipereka kuti akhome ndi alamu anu. Kiyi sanabwererenso pamsomali. Ali m'thumba la mkanjo wawo, ndipo mkanjowo amalowa nawo ndi kubafa komwe.

Apolisi aja pofika pamzikiti anavula nsapato, anasuzumira pakhomo mwaulemu n'kubwerera. Za kachipinda ka maliro palibe anafunsa, ndipo ndani amatsegula mmenemo popanda imfa? Kutulutsamo kanthu mobisa n'kosatheka, chifukwa masana pamakhala ana a madrasa, ndipo chibedwereni mfuti achitetezo a m'mudzi amagona pakhonde pomwepo. Munthu amene anabisa kanthu mmenemo angapemphere chinthu chimodzi chokha, kuti m'mudzi musafe munthu mpaka maso a anthu atachokapo.

Achimwene, mwina ndikulakwa. Manja oyera si umboni, kuzonda odwala si mlandu. Bambo amenewa ndakhala nawo zaka zonsezi, sanandimenyepo, ana sanagonepo ndi njala. Ndikakanena n'kupezeka kuti mulibe kanthu, ndalandira talaka, banja latha tsiku lomwelo, ndipo kuno ndidzatchedwa mkazi amene anaitanira mwamuna wake apolisi. Ndikakhala chete, Swadick akaola m'ndende chifukwa cholemekeza maliro a mwalimu wake. Ndikuopa, sindikubisirani. Ndikamawapatsa chakudya bambo a Nadia, ndimaona kuti iwonso ayamba kundikayikira.

Inu ndinu mwini mbumba. Ndiuzeni chochita. Mukaimba muimbire pa foni ya amayi, osati yanga.

Achimwene, ndinalekera apa dzulo, ndikupitiriza m'mawa uno ndili kukhitchini. Pepani ndi malembedwe, ndikulembera pabondo.

Che Bilal atisiya itangotha swala ya m'mawa. Inna lillahi. Kulira kutangomveka, alamu anu anadzambatuka n'kuthamangira komweko ndi malaya okha kuti akatsimikize, mkanjo n'kuuiwala pamsomali wa kuchipinda. Ndinaima n'kumauyang'ana mkanjowo. Kenako ndinapisa m'thumba.

Abwerako tsopano. Mmene ndikulemba muno ndikumva akugubuduza zinthu m'nyumba. Atembenuza matiresi, akhuthula sutikesi yanga, am'kalipira Nadia mpaka mwana walira. Anabwera pakhomo la khitchini n'kundifunsa ngati ndaona kiyi. Ndinati sindinamuone. Anati akufunika msanga chifukwa akufuna akasese m'kachipindamo okha anthu asanafike, muli fumbi lochititsa manyazi. Okha, achimwene! Munthu amene tsache sadziwa n'komwe pomwe limakhala. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumangosonkhezera moto womwe unali ukuyaka kale.

Kuthyola loko sangathe, anyamata okumba manda asonkhana kale pamenepo kudikira makasu. Maliro aikidwa ikatha swala ya masana.

Kiyi ndam'manga pa nsonga ya chitenje changa. Yankho lanu sindingalidikirenso, mundikhululukire kuti ndakudumphani. Ndikangopereka kalatayi kwa dalaivala ndikupita kwa a Shehe. Ndikagwada, ndikawapatsa kiyi pamaso pa amuna onse, ndipo ndikawapempha kuti atsegule okha n'kutulutsa mikeka yonse panja, umodziumodzi. Akandifunsa kuti ndam'tenga kuti, ndikanena.

Ndikudziwa chimene ndikuchita. Mfuti ikapezeka, Swadick atuluka, bambo a ana anga alowa. Ikapanda kupezeka, ndanyozetsa mwamuna wanga pagulu popanda chifukwa, ndipo sangandikhululukire. Uku ndi uku, lero ndigona ndilibe banja. Zikundiwawa, achimwene, chifukwa munthuyu ndimam'konda, koma Swadick ndinam'bereka kumsana ine.

Chimene ndikupempha n'chakuti kalatayi ikakupezani muimbire amalume kuti adzaime nane pa nkhani ya ankhoswe, ndisadzakhale ndekha pabwalo. Amayi muwalankhule ndinu, amamva zanu. Ndipo zikadzapezeka kuti ndinalakwa, musadzanditaye. Mudzangokumbukira kuti ndinathira madzi ndekha ndipo ndinaona chimene ndinaona.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti nsalu ija inafika ndipo yandikhala. Moni kwa mwana wanu Shakila ndi ana onse, alimbikire sukulu. Amayi akupereka moni, Nadia akuti amalume asaiwale nsapato zake. Swadick anati ndikamakulemberani ndikuuzeni kuti sanagulitse kanthu. Allah akusungeni kumeneko, akutetezeni panjira ndi pantchito, nafenso mutikumbukire mu dua.

Makalata onse ndimatsiriza ndi moni wa alamu anu. Ulendo uno sindinawafunse.

Ine mlongo wanu,
Shamima.