Jezi ya Achimwene

Lachinayi, mwezi wa Novembala, ku Manchester. Kwazizira, ndipo mtima wanga sunakhale m'malo tsiku lonse.

M'mawa ndinapita kuntchito nditavala jezi ya masewera a baseball imene malemu achimwene ananditumizira ali ku Amerika. Nditavula jekete kuchipatala, dokotala wina wa ku Amerika komweko anawerenga dzina la wosewera lolembedwa kumsana, n'kupukusa mutu. Akuti wosewerayo ankadzibaya mankhwala owonjezera mphamvu, ndipo anthu akufuna rekodi yake ifufutidwe. "Ameneyo ndi wakuba, sisita," anatero.

Ndinangoyankha kuti masewerawo sindiwadziwa, ndipo si bodza. Chimene ndikudziwa ndi foni ya achimwene tsiku limene munthuyo anaposa rekodi yakale. Achimwenewo anapempha ofu kufakitale, analowa m'bwalo momwemo, ndipo anandiimbira mawu atasasa. "Chemwali, ndaona ndi maso angawa!" Zaka zonse zija ali kunja, ndi tsiku lokhalo limene ndinawamva akusangalala mosanamizira.

Pobwerera mu tramu, sitima ya m'tauni, ndimaganizira amene anali ndi rekodiyo poyamba. Ngati anaipeza ndi thukuta lake lokha, ndiye kuti anamuberadi, sinditsutsa. Akafufute. Koma nanga chimwemwe cha achimwene, nachonso tichifufute? Iwo sanadzibaye kalikonse. Anangogula tikiti n'kukuwa.

Jeziyo ndaichapa, ikuuma pa hita. Ndinafuna kuipinda n'kuiponya m'sutikesi, koma manja anakana. Mawa ndivalanso. Dzinalo lili kumsana, aziwerenga ndi ena. Ine ndimavala ya achimwene.