Timageti ta mumtima

Lolemba, 3 Juni 2024

Ndagwa pampopi m'mawa ndikuthirira repu. Si kukomoka, miyendo inangokana. Madam (ndizilemba M.) anandiona pawindo, basi m'galimoto mpaka kuchipatala cholipira kumene amapita iwo. Zaka 19 ndikuwatsegulira geti ndi kuwasamalira dimba, lero koyamba kukhala pampando wakutsogolo.

Dokotala ndi mayi wachichepere, ba Kasoma. Anandimata timawaya pachifuwa, pepala n'kutuluka. Akuti zipinda ziwiri zapamwamba za mtima wanga sizikugunda, zikungonjenjemera. Dzina lake atrial fibrillation, anandilembera pakapepala.

"Vinayamba liti, ba Whyson?"

M. ali pambali, chikwama pamiyendo. Ndinati sabata yatha.

Zoona zake ndi Epulo chaka chatha, tsiku lomwe ndinadula mtengo wa mango kuseri kwa nyumba. Koma wantchito wa zaka 58 sauza abwana kuti wadwala chaka chonse. Webster wa pa nambala 14 anangotchula bondo, mwezi usanathe anapeza munthu wina pageti pake. Tonse amene timayenda m'mawa kuchoka ku komboni ya Ng'ombe kupita kumayadi timazidziwa zimenezi.

Lachitatu, 5 Juni

Mapiritsi mitundu iwiri: ochepetsa liwiro la mtima, ndi oti magazi asaundane. Ndimwe masabata atatu, kenako adzandigoneka n'kuwomba mtima ndi magetsi kuti ubwerere m'njira yake. Ba Kasoma akuti popeza vuto ndi latsopano, zikhoza kugwira.

Anna, akazi anga: "Mwawauza zoona?" Ndinati ndawauza zokwanira. Anapitiriza kusita.

Loweruka, 15 Juni

Kuzizira. Magetsi kulibe tsiku lonse. Ndaokera anyezi.

Lachinayi, 27 Juni

Achita. Sindinamve kanthu, ndinangodzuka pachifuwa pakuwotcha pang'ono. Mtima du, du, du, mwadongosolo ngati wa munthu. Ndinali nditaiwala kuti umamveka chonchi.

Lachisanu, 28 Juni

M. anati ndipume mpaka Lolemba, koma ndapita. Chaka chonsechi ndakhala ndikuima pa kantemba, kagolosale ka Petros, pakati pa njira, kunamizira kupereka moni wautali kuti ndipezeko mpweya. Lero ndangokweza dzanja n'kudutsa. Petros anakuwa kuti ndalemera, ndayamba kunyada.

Lamlungu, 30 Juni

Zabwerera. Kutchalitchi, pa nyimbo yachiwiri. Ndinaimba mpaka kumapeto. Anna anandigwira pamkono, anamvera yekha ndi zala.

Lachitatu, 3 Julayi

Kuchipatala ndekha, M. anapita ku Kitwe, sanabwereko. Ba Kasoma anayang'ana pepala latsopano nthawi yaitali, kenako anatembenuza envelopu n'kuyamba kujambula. Ndilembe ndisanaiwale.

Mnofu wa mtima unapangidwa ndi timaselo, tinthu tosaoneka ndi maso, ndipo kalikonse kali ndi timageti. Pa kugunda kulikonse timagetito timatseguka, kashiamu (mchere wina wa m'thupi) amalowa, mnofu n'kufinya. Zipinda zapamwamba zikayamba kunjenjemera, mwina ka 400 pa mphindi imodzi, kashiamu amalowa wochuluka kwambiri. Ndiye kaselo kamadziteteza: kamatseka timageti tina, pakapita nthawi kamachepetsa n'kupanga komwe tatsopano. Timageti tikachepa, kugunda kulikonse kumafupika, mnofu umakonzeka msanga kugundanso, chisokonezo n'kumadzipitiriza chokha. Akuti mtima umazolowera.

Za mageti sanavutike kundiphunzitsa. Anthu akamagogoda tsiku lonse, umathera polikhoma.

Ngati zakhala kanthawi kochepa, timageti timabwereranso mtima ukayenda bwino masiku angapo. Ngati zakhala chaka, nthawi zambiri ndi mnofu womwe umakhala utasintha, magetsi okha sakwanira.

"Ba Whyson, nifunsenso. Ngati ni mwezi umodzi chabe, tingayesenso magetsi. Ngati ni kale, tisakuvutitseni pachabe, tipeze njira ina. Mapiritsi moyo wonse, na nchito zolema muchepetse."

Ndinati mwezi umodzi. Ndinaganiza kuti wolipira ndi amene amauzidwa zonse. Anandiyang'ana, n'kulemba kuti Lachisanu ndibwere ndi M. tidzagwirizane tsiku. Envelopu yojambulidwayo anandipatsa.

Lachinayi, 4 Julayi

Ndinamuonetsa Anna envelopu m'mawa ndisananyamuke. Anaiwerenga ataima pakhomo, tsache m'manja.

"Atate ake Jordan, mukufuna akuwombeni magetsi kawiri chifukwa cha geti la eni ake? Ine sindinakwatiwe ndi geti."

Ndinati ntchito ikatha tidzadya envelopuyo. Anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, iye sangandilankhulire kwa dokotala. Ali ndi pakamwa mayi ameneyu, koma pamenepo sanalakwe.

Kuntchito ndinakumba dzenje la manyowa, theka lokha. Ndinakhala pa ndowa katatu. Mnofu wanga uli pa ntchito yakeyake, kutseka timageti kamodzikamodzi, pamene ine ndikunena kuti mwezi umodzi.

Ndikuopa. Imfa siikundiopsa kwenikweni. Ndikuopa kukhala pakhonde masana, Ng'ombe yense atapita kuntchito.

Lachisanu, 5 Julayi

Chipinda chomwe chija, mipando yomwe ija, M. ndi chikwama pamiyendo. Ba Kasoma anatsegula kalendala kuti asankhe tsiku la magetsi.

Ndinati asalembe. Ndinati zinayamba Epulo chaka chatha, tsiku la mtengo wa mango, ndipo sizinasiyepo kupatula masiku atatu aja. Mawu anatuluka mosavuta, ndinadabwa.

Ba Kasoma anangoti, "Zikomo, ba Whyson." Anatseka kalendala n'kulemba mapiritsi. Akufuna kuunika mtima ndi makina sabata yamawa, aone mphamvu yake. Khasu ndisiye kaye.

M. anafunsa funso limodzi, osati kwa dokotala, kwa ine. "Chaka chonse? Na madenje yonse yaja munakumba?" Ndinati inde, Madam.

Tinakwera galimoto kubwerera. Wailesi inali kunena za madzi ochepa ku Kariba. Ndinkawerenga mageti a anthu mumsewu, wolowa m'malo mwa Webster pa nambala 14 anali panja akupukuta nsapato.

Titafika, galimoto inaima pamene imaima masiku onse. Ndinagwira chitseko kuti nditsike ndikatsegule.

"Nkhalani, ba Whyson."

Anatsika okha. Loko wathu amalimba, amafuna kukokera geti kwa iwe kaye ndiye kiyi azungulire. M. sakudziwa zimenezo. Analimbana naye nthawi yaitali, ine ndili pampando wakutsogolo, manja pamaondo. Sindinadziwe ngati akundichitira chifundo kapena akuphunzira.