Dzenje la pa Madigadi

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Mwendo uja unasiya kutupa? Kuno tilipo. Mayi akudandaula msana, koma pakamwa pokha mpa mtsikana. Mlamu wanu nayenso ali bwino.

Nkhani ndi iyi: galimoto ya malemu bambo ija ndaipeza. Inali kuseri kwa nyumba ya wogulitsa nyama wina, nkhuku zikuikiramo mazira. Ndinaizindikira ndi chiwongolero, paja bambo anachikulunga ndi chikopa. Ndinaikokera ku galaja, ndipo miyezi iwiri tsopano ndikuisenda.

Musaseke, anthu anaizunza galimotoyi. Penti ndinapeza mitundu inayi, mwini aliyense ndi wake. Wa takisi anatseka chibowo cha pansi ndi chitini cha mafuta ophikira, dzina la mafutawo likuwerengeka mpaka lero. Mphunzitsi amene anabwera pambuyo pake anaika waya wa khola la nkhuku m'chitseko n'kumata simenti. Simenti, achimwene, ngati akumanga chimbudzi. Zonsezo ndinadula n'kuwotcherera malata atsopano, uku ndikuwatukwana mmodzimmodzi.

Kenako ndinafika pa madigadi, chitsulo chophimba thayala chija, a kutsogolo mbali ya kumanzere. Mukudziwa mmene bambo anatiphunzitsira: yendetsa maginito pa bodi, pamene agwe pali bodza. Anagwa.

Ndinapala penti wofiira, wabuluu, woyera, ndikudikira kuona kuti mlesi wake ndi uti. Fila, phala lomatira maenje lija, sanali pansi pa aliyense wa iwo. Anali pansi pa wobiriwira uja, wathu.

Bambo fila sankafuna n'kumuona komwe. Ankati ndi matope a anthu oopa nyundo. Ndipo womata uyu anamata mothamanga, mizere yake yopendekera mmene imapendekera ya munthu wamanzere. M'galaja ya bambo wamanzere anali mmodzi, ndipo si ine.

Nditagumula filayo panatsala dzenje lozungulira, loti kambale n'kukhalamo. Si la mtengo, si la ng'ombe, si la galimoto inzake. Zaka makumi awiri ndikuwongola magalimoto, maenje ndimawadziwa. Ndinachotsa thayala kuti ndimenyere mkati, ndipo m'kona ya pamwamba, m'matope ouma osakanikirana ndi phula, munali nsapato. Ya pulasitiki, ya mwana, ya phazi lamanja.

Inzake ndimaidziwa. Ili m'kabati ya apongozi anga, yokulungidwa m'kansalu. Mukukumbuka kuti mlamu wanu anali ndi mlongo wake wamng'ono, uja anagundidwa pa msewu wa kusukulu, galimoto yomugundayo osaima. Anamupeza ndi nsapato imodzi. Mwezi womwewo bambo anagulitsa galimoto imene ankaikonda kuposa ife, inu n'kupita kutali kukafuna ntchito, chonsecho ntchito inali pakhomo. Ine ndinali ndi zaka khumi, ndinkangoti n'zochita za akuluakulu.

Ndiulule, nanenso ndinafuna kubisa. Nsapato ndinaiponya m'bokosi la zida n'kukhoma. Dzenjelo ndinaliwongola Lachiwiri mpaka chikhatho osamva kanthu. Lachitatu m'mawa ndinalipeza labwerera. Ndinati chitsulo chinatambasuka, zimachitika. Ndinachitenthetsa ndi moto n'kuchiziziritsa ndi chisanza chonyowa, monga mwa ntchito, chinakhala bwinobwino.

Lachinayi masana, dzuwa lili paliwombo, ndili chiimire pomwepo nyundo ili m'manja, chitsulo chija chinalira kamodzi, phu, n'kulowa chokha. Wowotcherera mnzanga anavula magalasi n'kundifunsa kuti mwana waponya mpirayo ndi wa ndani. Panalibe mwana. Galu wa pagalaja, amene amagona pansi pa galimoto iliyonse, iyi amailambalala.

Dzulo mlamu wanu anandibweretsera tiyi. Anatsamira galimotoyo, dzanja lake n'kugwera m'dzenjemo ndendende. Anati pakutentha ngati mutu wa mwana wodwala malungo, pomwe galimoto ili mumthunzi ndipo moto tsikulo sindinayatse. Anakhala akupasisita uku akundiuza za mtengo wa sopo, osadziwa kuti dzanja likutani. Kenako anafunsa chifukwa chimene ndikukhomera bokosi la zida masiku ano. Ndinati masipanala akusowa. Zaka khumi ndi zisanu tili m'banja, tinamizanapo tating'onoting'ono, koma bodza lalikulu chotere ndinali ndisanamuuzepo.

Ndili ndi mantha, achimwene, ndiponso ndakukwiyirani. Munavina pa ukwati wathu. Munawagwira chanza apongozi anga ndi manja awiri, iwo n'kumakutamandani kuti ndinu waulemu. Nthawi zonse mukabwera mumakana kuyendetsa, mumati maso akuvuta, ife n'kumakusekani kuti mwakalamba msanga. Tsopano ndaona chimene chimavuta.

Fila ndili naye, chitini chodzaza, ndipo ndimamata bwino kuposa inu. Nditafuna, palibe angadziwe, kupatula maginito. Koma sindimata. Apongozi maso akutha, komabe galimoto yakale ikamadutsa amasiya chimene akuchita n'kutchera khutu mpaka ithe kumveka. Iwo sanasiye kudikira kuti wina adzaime.

Ndikukupemphani, bwerani mwezi uno usanathe. Tikagwade limodzi pamaso pa apongozi anga, ndidzakhala pambali panu, ndipo zotsatira zake tidzasenza awiri. Ngati sanali inu, bweranibe mudzandiuze mukundiyang'ana m'maso. Mukapanda kubwera, nsapatoyo ndidzapita nayo ndekha, chifukwa ili ndi inzake, ndipo bokosi langa silingaisunge mpaka kalekale. M'mawa uno ndapeza loko ali chitsekulire, kiyi ali m'thumba mwanga.

Mulungu akusungeni ndi kukupatsani mphamvu ya ulendo. Mundiperekere moni kwa alamu ndi ana, makamaka chitsirizira wanu amene mwati wayamba sukulu. Mayi akuti musawaiwale. Mlamu wanu akuti moni wambiri. Akuti galimoto ikatha mudzabwere ndithu, ulendo woyamba mudzayendetse ndinu, iye ndi mayi ake adzakhala kumbuyo.

Ndine mng'ono wanu,
uja munkamuti Kanyundo