Anandijambula Ndikukalipa, Pano Akuti Ndine Woimba

Aphungu,

Ndithandizeni, mutu wanga waima. Ndine mayi wa ana awiri, ndimasoka zovala pakhonde la sitolo ina yogulitsa utoto ndi misomali. Amuna anga ndi ometa. Ali ndi kashopu kawo ka galasi limodzi ndi mipando iwiri, wina wothyoka mwendo. Mowa samwa, dzanja sanandikwezerepo, za akazi ena sindinamvepo. Matenda awo ndi amodzi okha: nyimbo zoti munthu wina aliyense sanazimvepo.

Bambowa amasaka magulu oimba ngati mmene anzawo amasakira ntchito. Akangomva kuti kuseri kwa garaja ina kuli anthu akuimba ndi gitala yoduka nsambo, amatseka shopu n'kuthamangira komweko. Akabwerako, wodzametetsa ndiye waziona. Amamumeta mbali imodzi, n'kuzimitsa makina, n'kumuveka mahedifoni. Munthu angathawe bwanji mutu uli theka? Amamvera mpaka nyimbo ithe, n'kuyamikira, apo ayi mbali inayo simetedwa. Kasitomala wina anandidandaulira kuti anangopita kukachotsa ndevu, koma anatuluka akudziwa mbiri yonse ya woimba wina amene ngakhale mayi ake omubala sadziwa kuti amaimba.

Chodabwitsa n'chakuti gulu likangomveka pa wailesi, chikondi chathera pomwepo. Amafufuta nyimbo zake zonse mufoni n'kumati, "Awa agulitsa mzimu. Ine ndinkawakonda asanatchuke." Gulu lina analisiya chifukwa anamva kondakitala wa minibasi akuimba mluzu nyimbo yake.

Zonsezi ndinkapirira, poti zinkathera kushopu. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma changa chinabwera ndi ng'oma zake. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza amuna atatu pabalaza panga, mawaya ali mbwee pansi. Wa gitala amavala chipewa chaubweya ngakhale dzuwa likuswa mtengo, ndiye amamutcha Chipewa. Wa ng'oma ndi woonda ngati timitengo take tomwe, dzina lake Ndodo. Wa kiyibodi salankhula, amangogwedeza mutu, ndipo anzake amamuti Abusa. Amuna anga anandilandira chikwama, zimene sachita, n'kunena kuti, "Mayi a ana, anthu awa ndi tsogolo la nyimbo. Eni nyumba awathamangitsa kumene amaphunzirira. Angokhala kuno masiku ochepa."

Dzina la gulu lawo ndi Sitinayambe. Tsiku loyamba phokoso litandikwana ndinawafunsa kuti, "Kodi mumaliza nthawi yanji?" Chipewa anayankha mwaulemu kuti, "Sitinayambe, alamu." Mpaka lero sindidziwa ngati ankandiuza dzina kapena ankandiyankha.

Masiku ochepa aja anasanduka miyezi. Tsogolo la nyimbo linatha shuga wanga, linagona pa sofa, linatenga matiresi a ana n'kutsekera mawindo, akuti mawu asathawe. Ndodo anatenga ndowa zanga ndi zivundikiro za mapoto chifukwa ng'oma yake ina inabooka. Amuna anga ankawatama kwa aliyense wolowa mushopu, koma wina akati abwere adzaimbe pamalo pake, ankakana. "Sanapse," ankatero. "Anthu akawamva msanga awaononga."

Ndiye linafika Loweruka lina m'mawa. Apongozi anga, mayi awo a bambowa, anali atangondiimbira foni kundifunsa chifukwa chimene mwana wawo akuondera. Ndikutuluka kuchipinda mtima uli kale m'mwamba, ndinapeza diresi laukwati la kasitomala wanga, limene ndinalisita n'kulipachika pachitseko, Abusa atafunditsa kiyibodi yawo kuti isalowe fumbi. Nsapato za Chipewa zinali pampando wodyera. Aphungu, ndinaphulika. Ndinanena za nsapato, za shuga, za ndowa, za matiresi. Kenako pakamwa panaterereka, ndinauza amuna anga kuti, "Amayi anu amabwera muno ndi chala chopimira fumbi pawindo, koma mwana wawo sanamuphunzitse kutsuka ngakhale supuni!"

M'malo mochita manyazi, Ndodo anayamba kunditsatira ndi timitengo take pandowa. Abusa nawo anayamba kudinadina kiyibodi, diresi lili paphewa. Ine poganiza kuti akundinyoza, ndinakweza mawu, n'kumabwereza kuti, "Chotsani nsapato pampando! Ndati chotsani nsapato pampando!" Sindinadziwe kuti foni ya Chipewa inali ikujambula.

Chipewa anatumizira msuweni wake, msuweniyo anatumizira anzake, basi moto unalowa m'tchire. Ine ndinazidziwira kuntchito. Ndinkayeza mtsikana wina m'chiuno, mapini ali pakamwa, foni yake inalira, ndipo amene ankalira mufonimo ndinali ine. Pang'onong'ono ndikanameza mapini. Mtsikanayo anati, "Simukuidziwa, anti? Ndi ya Sitinayambe imeneyi. Mayi ameneyu akutilankhulira tonse." Posakhalitsa inali m'maminibasi, mumsika, m'masaluni, kenako pa wailesi.

Apongozi anaimvera kwa amayi anzawo a kwaya, amene akuti ndime ya chala ndiyo amaikonda kwambiri. Anabwera kunyumba, anakana mpando, anangoima pakhomo n'kuimika chala m'mwamba. "Chala chake ndi ichi, mpongozi. Chijambuleni nachonso." Anatembenuka n'kumapita. Kuchokera tsiku limenelo moni wanga sayankha, ndipo ana akapita kwawo amabwerako asanavule n'komwe nsapato.

Amuna anga za amayi awo sizinawakhudze. Zoti ndinawanyoza pamaso pa alendo sizinawapwetekenso, anangoti mawu anga ankagwera bwino pa ng'oma. Chinawabaya ndi wailesi. Tsiku limene inaulutsidwa anafufuta nyimboyo, analeka kupereka moni kwa anyamata aja ngakhale sanawathamangitse, kenako anandiyang'ana ndi maso achisoni n'kunena kuti, "Mayi a ana, ndinkakukondani musanatchuke. Kale mukandikalipira zinali zanga ndekha. Pano ndi za aliyense." Ndinkayesa nthabwala, koma ayi. Amadya ali chete, ndikawalankhula amangoti "mhm", ndipo mahedifoni sachoka m'makutu.

Pano apeza woimba watsopano, mkulu wina wonola mipeni kumsika, amene amang'ung'udza nyimbo motsatira kulira kwa mwala wake. Akuti omudziwa ndi awiri okha, ndipo winayo samva bwino. Popeza mkuluyo saimba popanda chonola, amuna anga amamupititsira mipeni yanga tsiku ndi tsiku. Yonse yatsala ngati singano. Dzana anatenga sizasi yanga yodulira nsalu.

Anyamata aja nawo akufuna nyimbo yachiwiri. Mwini holo ina wawaitana kuti akaimbe, koma akuti popanda ine asapite, ndipo pachikwangwani akufuna kulemba kuti Mayi Ukali. Anayesa kundipatsa maikolofoni, koma mawu anakana kutuluka. Ine kuimba sinditha, ngakhale kutchalitchi amandiimika kumbuyo. Ataona kuti ndimatha pokhapokha ndakwiyadi, ayamba kundiputa dala. Amasiya thaulo lonyowa pabedi, amabweza botolo lopanda madzi mufiriji, amamangira mawaya ndi tepi yanga yoyezera, kenako amaima chapafupi manja ali kumbuyo, foni ili tcheru. Ndiye m'nyumba mwanga momwe sindingathenso kukwiya. Ndimangomwetulira ngati munthu wa pakalendala, mkati ndikuwira. Anesi kuchipatala akuti magazi anga akuthamanga.

Koma ndisakubisireni, Aphungu. Mayi wina anandizindikira mawu mumsika, anandikumbatira akulira, akuti amuna ake atamva nyimboyo anachotsa okha nsapato pampando. Usiku wake sindinadandaule, ndinasangalala. Zaka zonsezi ndakhala ndikulankhula m'nyumba muno popanda wondimvera, lero anthu osandidziwa akuloweza mawu anga.

Ndipite kuholoko kapena ndikane? Anyamatawa ndiwathamangitse? Nanga amuna anga ndiwabweze bwanji, poti kutchuka sindingakufufute ngati nyimbo ya mufoni? Banja langa ndimalifuna.

Ndine wanu wothedwa nzeru,
E.G., wa kuseri kwa msika

Mayi E.G.,

Nyimbo yanu ndimaidziwa. Mdzukulu wanga amandiimbira ndikaiwala kapu pa tebulo. Ndiye dziwani kuti amene akukuyankhaniyu ndi mmodzi wa okumverani, koma zokomera zokha sindikuuzani.

Yambani ndi pabalaza. Mlendo ndi mame, koma anuwa asanduka chigumula. Auzeni tsiku loti achoke, ndipo muwauze mofatsa, ndi mawu a munthu wowerenga nkhani za nyengo, kuti asapezepo choimba. Matiresi abwerere kwa ana, ndowa zibwerere kubafa. Gulu limene lili pa wailesi lingathe kudzipezera kophunzirira. Asanatuluke, khalani nawo pansi. Kujambula munthu m'nyumba mwake osamuuza, n'kufalitsa mawu ake, ndi kulakwa, ngakhale ng'oma yake ikome bwanji. Apepese, ndipo mugwirizane pamaso pa mboni kuti mawu ndi anu, gawo lanu la ndalama lilipo, ndipo palibe china chotuluka popanda chilolezo chanu. Ngati akufuna kuti mayi wina aziputidwa, akayese kwa mayi awo.

Kwa apongozi pitani nokha, sabata ino isanathe, musadikire kuti mtima wawo uzizire. Musakanene kuti "sindinadziwe kuti akujambula", chifukwa zimenezo zikutanthauza kuti mukanadziwa mukananenera kuseri. Mukanene kuti munawachititsa manyazi pagulu ndipo zikukupwetekani. Akakukalipirani, mverani mpaka amalize. Ndi nthawi yawo yoimba imeneyo. Mwana wawo mudzapitenso naye tsiku lina, popeza amene anadzaza nyumba ndi alendo osakufunsani ndi iyeyo. Walira mvula walira matope.

Tsono za bambowo. Ine sindikuona munthu amene wasiya kukukondani. Ndikuona munthu amene chuma chake chonse ndi kukhala woyamba kudziwa chinthu, ndipo mwamulanda osadziwa. Khutu ali nalo, zimenezo tisawamane: anyamata amene eni nyumba anawathamangitsa, iwo anawamva kuti muli kanthu. Cholakwika n'chakuti amakonda oimba ngati mmene mwana amakondera chiwala cha m'botolo. Woimba amafuna kumvedwa, amafunanso kudya. Womukondadi amamuuza mnzake, mnzakeyo n'kuuza wina, ndipo holo ikadzaza amasangalala ngakhale iye atasowa pokhala.

Auzeni zimenezi pa nthawi yabwino, mahedifoni ali patebulo. Muwauzenso mosapita m'mbali kuti inu si gulu loimba loti akhoza kulisiya likamveka pa wailesi. Ndinu mkazi wawo, ndipo mawu awo aja oti ankakukondani musanatchuke anakupwetekani. Kenako muwafunse funso limodzi: pa zonse zimene munakalipa tsiku lija, anamvapo chiyani kupatula kugwera bwino pa ng'oma? Anthu a m'minibasi anamva mayi wotopa. Iwo okha, mwini nkhani, ndi amene sanamve. Akachita manyazi, pali chiyembekezo. Akapanda kutero, itanani wamkulu mmodzi wa kwawo amene amamumvera. Luso lawo lilinso ndi kopita: ngati akufuna kudziwitsa anthu magulu atsopano, asankhe tsiku limodzi pa sabata loti ofuna azibwera kushopu kudzamvera mwa kufuna kwawo, mitu ili yometedwa mbali zonse. Sizasi yanu muzipita nayo kuntchito ndi kubwera nayo m'chikwama. Mkulu wonola mipeni uja amupezere makasitomala ena.

Za kuholo, ndamva bwino chimene mwanena chakumapeto, ndipo musachite nacho manyazi. Kumvedwa n'kokoma. Ngati mtima ukufuna, pitani kamodzi, mutakonza kaye za apongozi, ndipo ndime ya chala ichotsedwe. Mukanene mawu amene mwawakonza nokha muli phee pamakina anu osokera, osati amene wina wakufinyani ndi thaulo lonyowa. Ngati satuluka popanda kukwiya, ndiye kuti si luso, ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kumeneko mverani anesi. Dzina la Mayi Ukali likaneni. Mukalivomera, mudzayenera kukwiya Loweruka lililonse mpaka kukalamba.

Chenjezo langa ndi ili: musayeze kulemera kwanu ndi m'manja mwa anthu a muholo. Amene akukukumbatirani mumsika lero, mvula ikamadzagwa adzakhala akuimba ya wina, ndipo mawu anu adzawaiwala. Womvera mmodzi yekha amene adzasunge ndime iliyonse mpaka kumanda ndi apongozi anu. Yambirani kumeneko.

Aphungu